Pikapu yakale ya manual, muisuzumire kunsi musanaikonde

Anthu ambiri akapita kukaona pikapu yogulitsa amayamba ndi kusisita penti. Ine ndimayamba ndi kugwada. Penti akhoza kupopera dzulo lomweli, koma chasisi, chimango chachitsulo chakunsi chimene chimanyamula galimoto yonse, sichinama. Ndimagogoda ndi sipanala pamene pagwira masipuling'i akumbuyo, poti m'pamene matope amakanirira n'kubala dzimbiri. Chitsulo chamoyo chimalira bwino, chodyeka chimangoti phu n'kuyoyoka makoko. Ikatero isiyeni, ngakhale injini ikhale yokoma bwanji.

Mumuuziretu mwini wake kuti asailize musanafike. Injini ya dizilo imaulula matenda ake ikadali yozizira. Kautsi pang'ono poliza si nkhani, koma utsi wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oyilo.

Yanga ndi Toyota Hilux ya injini ya 3L, ya malita 2.8, yopanda turbo. Liwiro ilibe, koma pa chitunda simachita manyazi. Chimene sindichita nacho chibwana ndi timing belt, lamba amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavalavu. Pa injini imeneyi lambayu akaduka, mapisitoni amawomba mavalavu, ndiye funsani kuti anasintha liti. Akayamba kukanda m'mutu poyankha, sinthani tsiku lomwelo mwagula. Nissan ya injini ya TD27 ilibe nkhawa imeneyi chifukwa imayendera magiya m'malo mwa lamba.

Tsono kilatchi. Kokani handibuleki, ikani giya 4, n'kumachotsa phazi pa kilatchi pang'onopang'ono injini ikulira. Injini iyenera kuzima. Ikapitiriza kulira, kilatchi yatha. Mukatuluka nayo pamsewu, mvetserani giya 2 makamaka, chifukwa ndi imene imayamba kukukuta giyabokosi ikatopa. Muonenso ngati giya sikudumpha yokha mukasiya kuponda moto.

Chimene ndimakondera manual n'chakuti wosankha ndine. Ndikamatsika mtsetse nditanyamula katundu, ndimatsitsa giya ndisanayambe kutsetsereka kuti injini izigwira galimoto, mabuleki asapse. Zimandipweteka mtima kuona munthu akutsika phiri ali pa nyutilo, ati kusunga mafuta, moyo wake wonse atauika pa mabuleki okha. Enanso amagoneka phazi pa kilatchi ulendo wonse, kenaka n'kumadabwa kuti yatha msanga.

Ndipo samalani nayo pikapu ikakhala yopanda katundu. Kumbuyo kumapepuka, ndiye mvula ikagwa matayala akumbuyo sachedwa kuterereka pokhota. Ine msewu ukanyowa ndimalowa pakona ndi giya yotsika kale, moto n'kuuponda ndikawongola chiwongolero.