Chess pa zaka 57: mmene mwezi uno wandiyendera

Mwezi uno ndasiyiratu blitz ya usiku, ija ya mphindi zitatu pa Lichess, tsamba la pa intaneti losewererapo chess, yomwe ndinkasewera pafoni nditagona kale pabedi. Ndimaikondabe, koma maso ndi chala sizikuthamanganso monga kale, ndipo masewero ambiri ndinkaluza chifukwa cha wotchi pomwe pabolodi zinthu zili bwinobwino. Tsopano ndikusewera a mphindi 15 owonjezera masekondi 10 ukasuntha, limodzi kapena awiri madzulo, kenako ndimabwerera kukaliyang'ana ndekha ndisanafunse kompyuta. Rating yanga (nambala yoyezera mphamvu za wosewera), yomwe inangoti chilili chaka chonse chatha, yayamba kukwera. Pang'onopang'ono, koma ikukwera.

Anyamata a ku kalabu yathu kuno ku Zomba amanditcha "madala", ndipo amakonda kundiuza kuti chess ndi ya achinyamata. Pamwamba penipeni akunena zoona, sindiwatsutsa. Garry Kasparov anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1985 ali ndi zaka 22, Magnus Carlsen mu 2013 ali ndi 22 yomweyo, ndipo Gukesh Dommaraju wa ku India anagonjetsa Ding Liren ku Singapore mu 2024 ali ndi zaka 18 zokha. Ngakhale mnansi wathu Amon Simutowe wa ku Zambia, yemwe anakhala grandmaster (udindo wapamwamba kwambiri wa osewera chess) mu 2009, anayamba kuopseza akuluakulu a kwawo ali mwana wasukulu. Kafukufuku wina wa 2020, yemwe anaunika masewero opitirira 24,000 a akatswiri kuyambira mu 1890 mpaka 2014, anapeza kuti luso limafika pachimake cha m'ma 35, n'kuyamba kutsika munthu akadutsa 45.

Koma kafukufuku ameneyo akunena za anthu amene anafika kale pamwamba pa luso lawo. Ine, amene ndinayamba kuphunzira chess mwakhama nditadutsa 50, sindinafikepo paliponse. Zomwe sindikuzidziwa n'zambiri kuposa zomwe ukalamba ungandilande, ndiye malo okwera alipo.

Nthawi yambiri ya mwezi uno yapita pa mathero a masewero, makamaka a ruku ndi pawn imodzi. Ndinakhazikika pa kaimidwe ka zida kotchedwa Lucena. Mfumu yanga ili pamzere womaliza, kutsogolo kwa pawn yake yomwe yatsala ndi sitepe imodzi kuti ikhale mfumukazi, koma ikangotuluka, ruku ya mdani imaipatsa check mosalekeza. Njira yake ndi iyi: uyambe wakankhira mfumu ya mdani kutali ndi check, kenako ruku yako uiike pamzere wachinayi, osati wachitatu kapena wachisanu. Ukatero mfumu ituluke, itsike ikulandira ma check, ndipo ikafika pamzere wachisanu ruku ija imatchinga pakati. Akatswiri amati wamanga mlatho. Ndinaziyala pabolodi lenileni pakhonde, tiyi ali pambali, kubwereza mbali zonse ziwiri mpaka dzanja linayamba kupita lokha pamzere wachinayi.

Loweruka lapitali zinandibwerera. Ndinasewera ndi mnyamata wa Folomu 3 amene nthawi zonse amandithyola pa blitz. Pachiyambi anandipanikiza ndithu, chifukwa ma opening, njira zoyambira sewero, amawaloweza ngati ndakatulo, koma tinasinthana zida mpaka kutsala ruku ndi ruku, ine ndili ndi pawn imodzi yoposa. Atandiona ndikuika ruku pa d4, pamzere wachinayi uja, anakweza maso n'kufunsa, "Madala, mukutani pamenepo?" Patangopita kanthawi anaona yekha, anaimitsa wotchi n'kundipatsa dzanja. Kenako anandipempha kuti ndimuonetsenso kuyambira pachiyambi, ndipo tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Mtima wanga unadzaza.

Pa zimenezi akuluakulu anatisiyira zitsanzo. Emanuel Lasker anakhala wachitatu ku Moscow mu 1935 ali ndi zaka 66, osaluza ngakhale sewero limodzi, pamwamba pa Capablanca, yemwe anakhalapo katswiri wa dziko lonse. Vasily Smyslov, katswiri wa mathero, anafika mu fainolo ya Candidates, mpikisano wosankha wokalimbana ndi katswiri wa dziko lonse, mu 1984 ali ndi zaka 63, n'kugonja kwa Kasparov yemwe anali ngati mdzukulu wake. Amene amandigwira mtima kwambiri ndi Viktor Korchnoi: pa zaka 75 anali akadali m'gulu la osewera 100 apamwamba padziko lonse, ndipo mu 2011 ku Gibraltar, ali ndi 79, anagonjetsa Fabiano Caruana yemwe anali ndi 18.

Za thanzi ndimasamala polankhula. Kafukufuku wa 2018 anapeza kuti ma grandmaster amakhala ndi moyo wautali kuposa anthu wamba a m'maiko awo, ndipo Yuri Averbakh anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 100. Wina wa 2003 ku New York anaona kuti okalamba osewera masewero a pabolodi sankadwala kwambiri matenda oiwalaiwala. Koma zimenezi sizikutsimikiza kuti chess ndi mankhwala; mwina anthu a mutu wakuthwa kale ndi amene amapitiriza kusewera. Chomwe ndaona pathupi langa n'chakuti sewero lalitali limatopetsa zenizeni. Ola lachitatu likakwana msana umayamba kulankhula, ndipo zolakwa zazikulu zimabwera nthawi yomweyo. Ndiye m'mawa uliwonse ndikuyenda wapansi ndisanadye, mankhwala a BP ndikumwa pa nthawi yake, ndipo chisiyireni blitz ya usiku ndikugona tulo tabwino. Pa kukwera kwa rating kuja, tulo tili ndi gawo lake lalikulu, ndikukhulupirira.

Mwezi wamawa nditembenukira ku Philidor, njira yodzitetezera pamene pawn yoposa ili kwa mnzako, chifukwa pamenepo ndimagwabe msanga. Ndikufunanso kulembetsa mpikisano wa masewero aatali ukapezeka pafupi. FIDE, bungwe la chess la dziko lonse, ili ndi magulu a zaka 50 ndi 65 kupita m'tsogolo, ndipo ndikulakalaka a CHESSAM, bungwe la chess kuno ku Malawi, atamatikonzera gawo lotere kawirikawiri. Anzanga a msinkhu wanga amene muli ku Zomba kapena ku Blantyre, ngati mukufuna mnzanu wa masewero a mphindi 15, ndiuzeni tipangane tsiku.