Mabuku a kaunjika, nsungwi ndi magiya a mawotchi akufa

Bizinesi yathu inayamba ndi mabuku a kaunjika basi, tebulo limodzi pakhonde kuno ku Zomba, ine ndi achimwene anga omwe ntchito yawo yeniyeni ndi kukonza mawotchi. Mabuku a sukulu ankayenda ndithu, koma panali mtundu wina womwe ana a sekondale ankachita kukanganirana, aja amati steampunk. Ndi nkhani zopeka zomwe makina onse amayendera nthunzi ndi magiya, foni kulibe, ndiye olemba ena amaziika m'dziko lofanana ndi Japan kapena China wamakedzana, kamtsikana kanyamula lupanga, kumwamba kukudutsa chichombo chofuka utsi, mfumu ikunjenjemera ndi makina omwe yagula yokha.

Olembawo sikuti amangozitola m'mutu ayi. Japan inatsegula njanji yoyamba mu 1872, kuchoka ku Shimbashi mu Tokyo kukafika ku Yokohama, apo nkuti masamurai, ankhondo akale a ku Japan, akuyendabe ndi malupanga m'chiuno mpaka boma linadzawaletsa mu 1876. Ndipo sitima zisanafike nkomwe anali kale ndi tizidole totchedwa karakuri, kamayenda kokha ndi sipuling'i kukapereka tiyi kwa mlendo, mlendo akangonyamula kapu iko nkuima. Achimwene atamva zimenezi tsiku lonse wotchi ya kasitomala sanayigwire.

Vuto lake mabukuwa sabwera ambiri, mumakhuthula katoni yonse nkupezamo limodzi, mwinanso lachiwiri pomwe loyamba lake kulibe. Ndiye tinasiya kuwagulitsa, timangobwereketsa pa sabata ndi kandalama kochepa, ena amabweza chikuto chitathothoka nkumati ndi mvula, mu Okutobala.

Ndalama yeniyeni inadzera kwina. Mu buku lina la mlembi Ken Liu la 2015, The Grace of Kings, zombo zouluka ndi za nsungwi ndi nsalu ya silika, achimwene nkuti, "Chemwali, nsungwi si izi zangoti mbwee kuseri kwa nyumbazi?" Anang'amba nsungwi nkuziphwepheretsa, kuzipinda pamoto pang'onopang'ono, kukuta ndi nsalu ya ambulera yothyoka, pansi pake kamangidwa kabwato ka chitini, mkatimo makina a wotchi yopota ija. Ukapota kiyi kapulopela kamazungulira, katayala ka mano kakuoneka poyera kakuluma kanzake. Sichiuluka, tisanamizane, koma mwana yemwe anakula akupanga galimoto zamawaya safuna kumufotokozera.

Pano zombozi zikutuluka kuposa mabuku, maoda amabwera pa WhatsApp, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba. Chomwe chimatiliza ndi mayendedwe, mukatumiza ku Lilongwe pa basi wina amakhazika thumba la mbatata pamwamba pa katoni, ndiye tayamba kukhomera timabokosi ta matabwa. Mawotchi opota nawo akusowa, aliyense ali ndi a batire. Amene muli ndi yakufa ya agogo mu kabati musataye, tikugula, kadole ka tiyi kaja achimwene sanakasiye.