Kuchoka pa viva kufika pa gauni: mmene ndinamalizira digiri ya Masters ku Blantyre

Dzina la munthu limalowa pa mndandanda wa omaliza maphunziro Seneti, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ikavomereza zotsatira zake, ndipo Senetiyo imaona zimene zili pa mapepala basi. N'chifukwa chake ndinasamala kwambiri nthawi ya pakati pa viva (mayeso a pakamwa oteteza thesis, lomwe ndi buku la kafukufuku wanu) ndi tsiku la mwambo wolandira digiri. Kaya muli ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, kaya ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, ndondomeko yake njofanana m'zambiri, ngakhale kuti kuyambira 2021, pamene sukuluzi zinachoka pansi pa University of Malawi, iliyonse ili ndi Seneti ndi malamulo akeake.

Ndisanapereke thesis ndinaika kumapeto kwake kalata yondilola kuchita kafukufuku. A zaumoyo amaitenga ku COMREC, komiti ya ku KUHeS yovomereza kafukufuku. Kenako thesis inadutsa mu Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yoona ngati mwakopera zolemba za ena. Vuto la ambiri apa si kuba dala ayi, koma chaputala chachiwiri, mmene munthu amangokopera ziganizo za ena n'kusintha mawu awiri atatu. Ndinalembanso ndime zoterozo m'mawu anga n'kutchula mwini wake wa ganizolo. Supavaiza atasaina, thesis inapita kwa oyesa, wina wa pasukulu pompo, wina wakunja.

Pa viva ndinalowa ndi kope losindikiza lomwe ndinamata timapepala pa matebulo onse akuluakulu, chifukwa mafunso ambiri amagona pa njira ya kafukufuku: munawasankha bwanji anthu amene munawafunsa, bwanji ochuluka chonchi, ndipo zimene mwapezazi zikuyankha cholinga chiti. Ndinapempha kuti ndemanga zonse zibwere zolembedwa. Za pakamwa zimaiwalika, ndipo patatha mwezi mumapezeka mukukumbukira zosiyana ndi zimene supavaiza akukumbukira.

Zokonza ndiye pamene pamathera anthu. Ndinapanga tebulo la magawo atatu: ndemanga ya woyesa monga anailembera, chimene ndachita, ndi tsamba limene ndakonzapo. Ndemanga imene sindinagwirizane nayo sindinaidumphe, ndinalemba chifukwa chake mwaulemu. Nambala za masamba ndinaziika pomaliza penipeni, poti ukangowonjezera ndime imodzi masamba onse amasuntha, tebulo lija n'kumaloza pena. Zokonza zazing'ono ndi zazikulu zimapatsidwa nthawi yosiyana, ndiye tsiku lomaliza ndinalifunsa ku ofesi ya postgraduate, pamodzi ndi tsiku limene zotsatira ziyenera kufika kuti zipite ku Seneti. Mukaphonya msonkhano umenewo mutha kudikira mwambo wotsatira, ngakhale ntchito yonse itatha.

Za kumanga buku musathamangire. Ndinayamba ndafunsa mtundu wa chikuto, kalembedwe ka pamsana pake ndi chiwerengero cha makope. Ndinasiya mpata wokwanira kumanzere kwa tsamba kuti mawu asalowe m'msoko, ndinasintha fayilo kukhala PDF kuti matebulo asabalalike pa kompyuta ya wosindikiza, ndipo ndinasindikiza kope limodzi kaye n'kuliwerenga lonse. Tsamba losainira liyenera kukhala ndi siginecha yanu ndi ya supavaiza. Lopanda zimenezi limabwezedwa.

Clearance, yodinditsa fomu yosonyeza kuti mulibe ngongole ndi sukulu, ndinaiyenda ndekha, ndi mapazi: ku laibulale, ku accounts, ku dipatimenti, kwa registrar. Marisiti onse a fizi ndinawanyamula m'envulopu, chifukwa ndalama yoikidwa ku banki popanda nambala ya wophunzira imatha kusaoneka pa akaunti yanu, ndipo umboni wanu ndi kapepala kaja. Amene fizi amakulipirirani a kuntchito, yambani msanga kuwakumbutsa. Fomu itadindidwa ndinaijambula pa foni.

Mndandanda woyamba utatuluka ndinaona dzina langa chilembo ndi chilembo, ndikuyerekeza ndi chitupa cha unzika komanso satifiketi ya digiri yoyamba. Amayi amene anasintha dzina atakwatiwa asamale kwambiri apa. Ndinaonanso dzina la digiriyo. Kukonza nthawi imeneyi ndi nkhani ya kalata imodzi, koma satifiketi ikasindikizidwa njira yake imatalika.

Gauni ndinalitenga tsiku loyamba kugawa, masaizi asanathe. Pamakhala zinthu zitatu: gauni, hudi (nsalu yokoleka m'khosi yolendewera kumsana) ndi chisoti. Hudi imasiyana malinga ndi digiri, choncho onetsetsani kuti simunapatsidwe ya digiri yoyamba. Imakonda kutsetserekera kumbuyo n'kumakoka pakhosi. Ine ndinaikola pa batani la malaya n'kuigwiritsa ndi mapini awiri pamapewa. Posita, ikani nsalu pamwamba ndipo simbi isatenthe kwambiri, nsalu yake sichedwa kupsa. Ngati ndi lobwereka, sungani risiti ndipo dziwani tsiku lobweza.

Ku rehearsal musajombe. Kumeneko n'kumene mumadziwa mpando wanu ndi amene ali patsogolo panu, ndipo mayina amaitanidwa motsatira mzere womwewo. Munthu mmodzi akakhala malo a mnzake, mzere wonse umasokonekera.

Makadi a alendo amakhala ochepa. Ndinauziratu achibale amene alowe ndi amene tikakumane kunyumba, kuti agogo ochokera kumudzi asakaime pa geti padzuwa. Ndinalawirira, chifukwa msewu wa Masauko Chipembere umadzaza m'mawa, ndipo Chancellor, amene pa mayunivesite a boma amenewa ndi mtsogoleri wa dziko, akamabwera, achitetezo amafuna onse akhale pansi iye asanafike. Ndinadya kaye, ndinanyamula botolo la madzi, ndinavala nsapato zozolowera. Wojambula zithunzi ndinagwirizana naye mtengo tisanayambe. Satifiketi ndinaiika m'fayilo yolimba osaimata pulasitiki, ndipo sabata yomweyo ndinakalembetsa transcript, chikalata cha magiredi onse, poti a ntchito ndi a PhD amaifunsa pamodzi ndi satifiketi.