Mpunga wa SRI wagwira, koma matope anandidyera masiku atatu

Lero m'mawa ndawerenga mphukira pa ndime yanga yoyeserera ija, ndipo phando lina ndapeza 23. Zonsezo kuchokera pa mbande imodzi! Anzanga amene munkandilimbikitsa za SRI, njira yolima mpunga powokera mbande zazing'ono imodzi imodzi motalikirana komanso ndi madzi ochepa, zikomo, mtima wanga wakhala pansi tsopano.

Kunazale sikunavute. Mbewu ndinaisankha m'madzi amchere, uja wothira mpaka dzira liyandame, ndinataya zonse zoyandama, nkutsuka zotsalazo ndi kuzinyika maola 24. Mbewu yake inali yochepa moti ndinkakayika ngati ikwana, poti njirayi imangofuna makilogalamu osafika 10 pa hekitala, pomwe kumwaza kumadya oposa 50.

Vuto linali mizere. Ndinakhoma misomali pa thabwa motalikirana masentimita 25 kuti ndizikoka uku ndi uku, mphambano zake zikhale mapando. Ndikakoka, mzere unkaoneka kanthawi kochepa, kenako phala la matope nkuumeza ndikuyang'ana. Tsiku loyamba ndinaganiza kuti misomali yafupika, ndinakhoma ina yaitali. Chimodzimodzi. Lachiwiri ndinayesa chingwe cha mfundo, koma pawekha kusuntha chingwe mzere uliwonse nkuswa msana, komanso mapazi anga ankasiya maenje momwe madzi ankadikha. Uku mbande zikukula, masamba awiri oyenera kuwokerera atakwana kale, ine mtima uli m'mwamba kuti zipyola masiku 15, malire owokerera pa njirayi.

Kenako ndinazindikira kuti cholakwika ndi madzi. Ndinatsegula ngalande madzulo, ndime inachezera kukhetsa, m'mawa matope anali onyowa koma olimba, oti ukalemba ndi chala chilembo chimakhala. Mizere inatuluka yooneka bwino. Mbali imodzi inali yotsika, ndinayamba ndaisalaza ndi thabwa, chifukwa mbande yaing'ono chonchi ikamira basi yapita. Ndinawokera zili ndi masiku 13, imodzi pa phando, mosazamitsa, ndikuzula pang'onopang'ono ndi dothi lake kuti mizu isaume.

Chaka chatha ndinkawokera mbande za mwezi wathunthu, zinayi kapena zisanu pa phando, ndipo zinkakhala zachikasu sabata yonse. Izi sizinafote nkomwe. Bambo Henri de Laulanié, wansembe amene anayambitsa njirayi ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980, anaona patali ndithu.

Udzu wokha ndiye sukhululuka madzi akachepa. Chopalira chogudubuza chimene anandiwotcherera mmisiri wanga chikugwira ntchito. Mano ake amakwirira udzu m'matope nkulowetsamo mpweya, ndipo munthuyo manja ake ndimawadalira. Ndapalira kawiri, kuyambira tsiku la 10 chiwokerereni.

Tsopano ndikufuna kuzika paipi yobooledwa yoonera madzi, ndizithirira akatsika masentimita 15 pansi pa nthaka. Nyengo ikubwerayi munda wonse ulowa SRI, pa kompositi yekhayekha wa mapesi a mpunga womwewu, ngakhale dzenje lake sindinakumbe.