Lipoti la ulendo wathu wa ku Oktoberfest mumzinda wa Munich

Abale ndi alongo a m'gulu, pamsonkhano wapita uja munandipempha kuti ndilembe m'mene tinayendera ku Munich, kuti amene anatsalira chifukwa cha ntchito ndi sukulu nawonso amve. Mukukumbukira kuti ulendowu unavuta kuuvomereza. Ena ankati ife Amalawi okhala kuno ku Germany sitingamangomva za chikondwerero chotchuka chonchi kwa anthu ena pamene chili pakhomo pathu pomwe. Ena, makamaka amayi athu a kwaya, ankati kumalo a mowa kulibe chawo. Pomaliza tinamvana kuti tipite mkati mwa sabata, tikafike m'mawa, ndipo pasapezeke wokakamiza mnzake kumwa. Ine ndikuona kuti pangano limeneli ndi limene linasunga ulendo wonse.

Tinakumana pa siteshoni ya Augsburg Lachiwiri m'mawa, m'sabata yoyamba ya chikondwerero cha 2024, chimene chinayamba pa 21 Sepitembala n'kutha pa 6 Okutobala. M'sitima munali modzaza kale ndi anthu otchena zakwawo: abambo makabudula achikopa ndi malaya a timabokosi, amayi madiresi aja amati dirndl, epuloni atamanga m'chiuno. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanali anyamata okhaokha. Munali agogo a ndodo, munali makolo ndi tiana tawo, nato titavala timakabudula tachikopa. Kuchoka pa siteshoni yaikulu ya Munich kukafika pabwalo ndi mtunda wa mphindi 15 wapansi, ndipo palibe chifukwa chofunsira njira. Umangotsata khamu.

Pachipata salipiritsa. Achitetezo amangoona zimene wanyamula, ndipo chikwama chachikulu kuposa malita 3 sichiloledwa. Achimwene ena m'gulu mwathu anali ndi chikwama chakumsana, choncho tinayamba takachisiya kosungitsa katundu, komwe kumeneko ndiye amalipiritsa. Pafupi ndi chipata chachikulu pali malo achikumbutso. Pa 26 Sepitembala 1980 munthu wina wa maganizo a tsankho anaphulitsa bomba pamenepo, ndipo anthu 13 anafa, kuphatikizapo iye mwini, ena oposa 200 n'kuvulala. Wapampando wathu anatiimitsa pamenepo kanthawi tisanalowe. Anthu ambiri amangodutsa, koma ine ndinayamikira kuti mzindawu sunabise bala lake kuseri. Unalisiya pakhomo penipeni polowera kuchisangalalo.

Bwalo lake limatchedwa Theresienwiese, ndipo ndi la mahekitala 42. Zonsezi zinayamba ndi ukwati. Mu Okutobala 1810 kalonga Ludwig wa ku Bavaria, dera limene kuli Munich, anakwatira Therese wa ku Saxe-Hildburghausen, ndipo anthu a mumzinda anaitanidwa kudzaonera mpikisano wa akavalo pabwalo limeneli. Anthu anakondwa, mpikisano unabwerezedwa chaka chotsatira, kenako panabwera chionetsero cha zaulimi, akatungwe, ogulitsa zakudya, ndipo mowa unakula pang'onopang'ono mpaka kuphimba zina zonse. Nkhondo ndi kolera zakhala zikuimitsa chikondwererochi zaka zina, ndipo mu 2020 ndi 2021 sichinachitike chifukwa cha Covid-19. Cha 2024 chinali cha nambala 189, ndipo kunafika anthu pafupifupi 6.7 miliyoni m'masiku 16.

Amati matenti, koma musaganize za tenti ya pamaliro kapena ya paukwati. Ndi zinyumba zamatabwa ndi zitsulo, zokhala ndi khitchini, makonde am'mwamba ndi nsanja ya oimba pakati. Amayamba kuzimanga miyezi ingapo chikondwerero chisanafike, kenako n'kuziphwasulanso. Zikuluzikulu zilipo 14, ndipo zina mumalowa anthu 6,000 kapena kuposa, osawerengera okhala panja. Pakhomo pa tenti ya Löwenbräu pali chimkango chachikulu chimene chimabangula pakapita kanthawi, ana n'kumathawira kwa amayi awo. Denga la tenti ya Hacker analijambula mitambo. Ku Schottenhamel ndi kumene mfumu ya mzinda imakhomera mpopi pamgolo woyamba Loweruka lotsegulira, nthawi ya 12 koloko masana, ndipo mpaka mwambo umenewo utachitika palibe amene amagulitsidwa mowa pabwalo lonse. Mwambowu unayamba mu 1950.

Ife tinalowa mutenti ya Augustiner chifukwa achemwali ena amene akhala ku Bavaria nthawi yaitali anati kumeneko ndi kumene eni mzinda amakonda, komanso mowa wake amautungabe m'migolo yamatabwa. Lamulo lake ndi loti wopanda pokhala sapatsidwa mowa. Poti unali m'mawa wa mkati mwa sabata tinapeza malo osavutika, ngakhale tinagawikana pamatebulo awiri oyandikana. Matebulo ake ndi aatali, opapatiza, a mabenchi, ndipo tebulo silikhala la gulu limodzi. Ukaona mpata umafunsa ngati pali munthu, akati palibe umakhala, basi wasanduka mnzawo.

Kumapeto kwa benchi yathu kunali agogo awiri, bambo ndi mayi, a mu Munich momwemo. Poyamba anangotigwedezera mutu. Oimba ataliza kanyimbo kakafupi koitanira anthu kukweza matambula, kamene amakabwereza kawirikawiri, agogo aamuna aja anatembenukira kwa amayi athu a kwaya amene anali ndi tambula ya juwisi wa maapozi wosakaniza ndi madzi a gasi. Anagunditsa tambula yawo ku ya amayiwo, chakumunsi kumene galasi ndi lochindikala, akuwayang'ana m'maso, n'kunena kuti “Prost!” Sanafunse kuti bwanji simukumwa mowa. Kuchokera apo macheza anayamba. Anafuna kudziwa kumene kuli Malawi, ife tinawaonetsa nyanja pafoni. Agogo aakazi anatiuza kuti anayamba kubwera pabwalopa ali kamtsikana, atagwira dzanja la bambo awo, ndipo masiku ano amabwera masana okha, kudya nkhuku, kumwa tambula imodzi ndi kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Anatiphunzitsanso za mfundo ya epuloni: ikakhala kumanja kwa wovalayo ndiye kuti ali pabanja kapena ali ndi wake, ikakhala kumanzere ndiye kuti sali pabanja. Amayi athu aja, omwe ankakana ulendo, ndi amene anacheza nawo kwambiri mpaka kujambulitsa limodzi.

Za mowawo ndinene mosabisa, chifukwa ena mudzapita. Umabwera m'chitambula chagalasi cha lita yathunthu, chimene amachitcha Maß. M'matenti akuluakulu mowa wa masiku onse sauthira m'katambula kakang'ono. Ndi makampani 6 okha ofulula mowa mu Munich momwemo amene amaloledwa kugulitsa: Augustiner, Hacker-Pschorr, Hofbräu, Löwenbräu, Paulaner ndi Spaten. Amaufulula mwapadera chifukwa cha chikondwererochi, ndipo mphamvu yake ili cha m'ma 6 peresenti, kuposa mowa wamba. Pakamwa ndi wofewa, sukuchenjeza, ndiye ambiri amapusitsika nawo. Mtengo wa lita imodzi mu 2024 unali pakati pa ma euro 13.60 ndi 15.30 kutengera tenti. Osamwa musaganize kuti mupulumutsa zambiri, chifukwa zoziziritsa kukhosi nazo zimadula pafupifupi chimodzimodzi. Chabwino n'chakuti panja aikako mipopi ya madzi akumwa aulere, komanso mowa wopanda mphamvu yoledzeretsa ulipo.

Anthu amene sindidzawaiwala ndi operekera mowa. Mayi amene ankatumikira mzere wathu anali wachikulire ndithu, wa msinkhu wa mayi anga aang'ono. Ndinamuona akuchokera kotungira mowa atakumbatira matambula pachifuwa, zala zitakolowekedwa m'zogwirira, ina ataisanjika pamwamba pa zinzake. Tambula imodzi yodzaza imalemera kuposa makilogalamu 2, ndiye akanyamula 10 ndi katundu woposa makilogalamu 20, ndipo amayenda naye mothamanga pakati pa anthu amene sakuyang'ana kumene akupita. Atafika anatsitsa onse pakamodzi patebulo, thovu likusefukira, n'kuwakankhira kwa eni ake mosaphonya. M'mikono anali atamanga nsalu zolimbitsa mfundo. Achemwali aja anatifotokozera kuti ambiri mwa operekerawa amayamba agula okha mowawo kwa eni tenti, n'kudzatigulitsa ife, ndipo phindu lawo ndi kagawo kochepa pa tambula iliyonse pamodzi ndi kangachepe kamene wogula wawonjezera. Tambula ikatayika panjira, yawatayikira iwo. Amagwira chonchi kuyambira m'mawa mpaka usiku, masiku onse a chikondwerero. Msungichuma wathu atamva zimenezi anatiuza kuti pasapezeke wodikira chenji cha timakobidi, ndipo tonse tinavomera. Pazithunzi zimene zimafalitsidwa amayiwa amaoneka akumwetulira, koma pafupi umaona thukuta ndi mitsempha itatupa m'manja.

Chakudya chinali chabwino ndithu. Ambiri tinaitanitsa theka la nkhuku yootcha, ya khungu lokhukhutika ndi mchere wokwana, imene amadya ndi manja popanda wokuyang'ana. Mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa mowa. Panadutsanso atsikana ogulitsa buledi wopotana uja wa mchere, wamkulu ngati mbale. Titatuluka tinadutsa pa tenti ya Fischer-Vroni, pomwe amawamba nsomba zobaya pa timitengo, atazindandalika pamakala mzere wautali. Fungo lake linali ngati la chambo chowamba m'mbali mwa msewu ku Mangochi, moti ngakhale tinali titakhuta tinagula ziwiri n'kugawana. Ku Ochsenbraterei amaotcha ng'ombe yathunthu pachitsulo chozungulira, dzina lake ndi kulemera kwake atazilemba pabolodi.

Masana tinawathera kumasewera. Lachiwiri ndi tsiku la mabanja, mitengo ya akatungwe ndi zakudya zina imatsikako, ndiye ana anali ponseponse, m'khosi atavala mabisiketi aakulu ooneka ngati mtima. Tinakwera chiwilo chachikulu cha mamita 50, pamwamba n'kuona bwalo lonse ndi nsanja ziwiri za tchalitchi cha Frauenkirche. Achinyamata athu anakwera Olympia Looping, imene imakutembenuza chadodolido kasanu. Koma kumene tinaseka mpaka misozi ndi ku Teufelsrad. Ndi thabwa lozungulira pansi, anthu amaunjikana pakati, likamathamanga amaterereka m'modzim'modzi, ndipo wotsala amam'gwetsa ndi chimpira cholendewera ndi zingwe, uku wolengeza akumuseka pa maikolofoni. Masewerawa akhalapo zaka zoposa 100. Tinalowanso ku Oide Wiesn, chigawo chimene chinayamba mu 2010 pokumbukira zaka 200, komwe mu 2024 ankalipiritsa ma euro 4. Kumeneko kuli akatungwe akale, magule achikhalidwe ndi malipenga, phokoso ndi lochepa, ndipo munthu umamva zimene mnzako akunena. Kwa ine kumeneko ndiye kunali kokoma koposa.

Cha m'ma 6 koloko madzulo zinthu zinatembenuka. Masana oimba amaliza motsitsa nyimbo zamalipenga, koma ikakwana nthawi imeneyi amakweza n'kuyamba nyimbo zovina. Tinabwerera kumatenti kuti tione. Agogo ndi ana anali atachepa, mabenchi onse anthu ataimirirapo, akuimba pamodzi anthu masauzande, pansi pakunjenjemera. Kuimirira pabenchi n'kololedwa, koma wokwera patebulo achitetezo amamutulutsa nthawi yomweyo. Sindikana, kuimba kumeneko kumanyamula mtima, ndipo ena mwa ife anavina nawo mokondwa. Komabe kunja kwa matenti kunali nkhope ina. Pakachitunda ka kapinga chakufupi ndi chiboliboli chachikulu cha Bavaria panali anthu atagona mbwee, ena akusanza, ena osadziwa kumene kuli anzawo. Azachipatala ankadutsa ndi machira amatayala okutidwa pamwamba, atanyamula amene mowa wawagonjetsa. Tinaona mtsikana wina atakhala pansi yekha akulira, foni itazima. Amayi athu awiri, mmodzi wa iwo namwino, anakhala naye, anamupatsa madzi, kenako anamuperekeza kumalo apadera othandizira amayi ndi atsikana amene ali kuseri kwa tenti ya Schottenhamel. Zinandipweteka kuona kuti anzake amene anabwera naye anamusiya. Apolisi ndi achipatala alipo ambiri ndipo amagwira ntchito mwachangu, koma sangakhale paliponse.

Mowa amasiya kugulitsa 10:30 usiku m'matenti ambiri, ndipo nthawi imeneyo khamu lonse limakhamukira kusitima kamodzi. Ife sitinadikire zimenezo. Tinawerengana pachipata cha m'ma 8 koloko, tinatenga chikwama chija, n'kuyenda wapansi kubwerera ku siteshoni yaikulu. Tonse tinafika kwathu bwino.

Pa za ndalama, msungichuma adzapereka lipoti lake pamsonkhano ukubwerawu, koma amene akufuna kudzapita akonzekere ndithu, chifukwa chakudya, chakumwa ndi masewera awiri atatu zimadya thumba msanga, ndipo ndi bwino kunyamula ndalama zapamanja popeza si paliponse pamene amalandira khadi. Anyamule juzi, madzulo kumazizira. M'sitima pobwerera amayi a kwaya anapempha kuti ulendo wina tidzapite Lamulungu loyamba la chikondwerero, tsiku limene anthu pafupifupi 9,000 ovala zachikhalidwe amaguba mumzinda ndi akavalo, ngolo ndi malipenga mtunda wa makilomita 7, komanso kuti tidzatenge ana. Pempho limeneli ndalipereka kwa wapampando kuti alilowetse pa mndandanda wa zokambirana.