Huva yatsopano yafika

Abale, ndagula huva, makina okoka fumbi aja, ija yoimirira yochita kukankha. Nditangofika kuno ku Leicester, ku England, ndinkati tsache likwana ngati kwathu ku Zomba. Ayi ndithu. Nyumba za kuno ndi kapeti kuyambira pamasitepe mpaka kuchipinda, ukasesa fumbi limangouluka n'kuteranso pomwepo, mwana n'kumayetsemula usiku wonse.

Yoyamba ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Kulira ngati chigayo, koma kukoka ayi. Tsiku lina nditaitembenuza ndinapeza burashi yonse yakulungidwa ndi tsitsi langa la meshi ndi ulusi. Ndinakhala pansi ndi lumo pafupifupi ola lathunthu, kudula pang'onopang'ono.

Ndiye pogula iyi ndinaonetsetsa chinthu chimodzi: burashi yozungulirayo izitheka kuzimitsa. Pakapeti imafunika, ndi imene imatakasa fumbi lobisala pansi. Koma pamatailosi a kukhitchini imangomwaza mpunga uku ndi uku, ndipo ngati pansi ndi pamatabwa imatha kukanda. Za mawatsi, muyeso wa magetsi amene huva imadya, musatengeke nazo, kuyambira 2017 kuno huva zatsopano sizipitirira 900, komanso nambalayo sinena mphamvu yokokera.

Muinyamule musitolo momwemo musanalipire. Yanga ndi makilo 7, ndikafika nayo pamwamba ndimakhala ndikupuma wefuwefu.

Ilibe thumba, ndimakhuthulira panja chifukwa fumbi limabwerera kumaso. Fyuluta yosefa fumbi ndimatsuka ndi madzi ozizira n'kuisiya maola 24 kuti iume, ngakhale ndi dzuwa la kuno mwina masiku awiri. Bambo a kunyumba aiyesa kamodzi, akuti ntchitoyi ndi yawo tsopano. Tiona Loweruka.