Breaker ikamagwa musathamangire kugula yaikulu

Lero Lachitatu, dzuwa la Okotobala silikuseka ndi munthu. Mmawa ndinali ku Area 47, mayi ena anandiimbira kuti eyakoni yakuchipinda ikangoyenda pang'ono breaker imagwa, akaikweza imagwanso. Nditafika mwana wawo akuti achimwene ingotiikirani breaker ya 32 amps nkhani ithe. Ndakanitsitsa. Breaker ija imateteza waya wamkhoma, ndiye waya wa 2.5 mm² ukamupatsa breaker ya 32 amatentha mwakachetechete mpaka tsiku lina nyumba kuyaka, zimenezo ine ayi.

Ndayamba ndi voteji, inali 228, bwinobwino poti kwathu kuno timayendera 230. Imeneyi ndimayamba nayo chifukwa magetsi akafooka kompuresa, injini yopopa gasi mu eyakoni, imakoka ma amps ambiri. Kenako clamp meter, mita yoyezera ma amps, pa waya wa live. Kachitsulo kapambali pa makina kalemba 8 amps koma mita inangokwera, 10, 12, mpaka 13, kompuresa nkuzima yokha ndi kutentha, ikafuna kudzukanso imangolira mmmm osazungulira, apo ndi pomwe breaker imagwera.

Kuseri kwa nyumba ndiye ndinagwira pakamwa, matumba amakala atatsamiritsidwa pa makina akunja aja, koilo yonse, tizitsulo totulutsa kutentha, bii fumbi losakanikirana ndi masamba, mphepo yosowa podutsa. Koilo ikatsekeka chonchi kutentha sikutuluka, presha ya gasi imakwera ndipo kompuresa imagwira ntchito mokakamizika. Tasuntha matumba, ndazimitsa pa isolator, switch yodulira magetsi a makinawo, nkutsuka koilo ndi paipi ya madzi pang'onopang'ono kuti tizitsulo tija tisapindike.

Kapasita, yomwe imathandiza kompuresa kudzuka ndi kuzungulira, nayo inali itatupa pamwamba, yolembedwa 35 microfarad koma poyeza inangofika 19. Anzanga amene mukuphunzira ntchitoyi chonde muziyamba mwaikhetsa moto musanaigwire, imasunga magetsi ngakhale mwazimitsa. Ndaika ina ya 35 yomweyo, ndasinthanso ka terminal kamodzi, polumikizira waya, komwe kanali kolobodoka mpaka kuda ndi kupsa.

Poyatsa mita inakhazikika pa 7 ndi kanthu, ndakhala pakhonde kuidikira ndikumwa thobwa lomwe amayi anandipatsa, breaker osagwanso. Gasi sindinaonjezere ngakhale mnyamata uja amafunsafunsa, gasi wochuluka amakwezanso ma amps omwewo. Ndawauza kuti magetsi akazima nkubweranso azidikira kaye mphindi 5 asanayatse kuti presha itsike, komanso makala apezere malo ena.

Mawa ndili ku Kanengo, kuli eyakoni ya mtundu wa inverter yomwe ikungoonetsa error code, ndiyenera kupeza kaye buku lake poti ma code amasiyana kampani ndi kampani.